Ndinafufuta Ubongo wa Makina a Apongozi

Ndisanayambe, ndikufuna zilembedwe kuti palibe amene anafa, palibe amene anathyoka fupa, ndipo galu wa apongozi anapezeka tsiku lomwelo, ali woyera kuposa mmene anabadwira. Ndikunena zimenezi chifukwa ku Chelstone nkhaniyi inakula kuposa msinkhu wake. Alipo amayi ena ogulitsa tomato amene amalumbira mpaka lero kuti thovu linafika pamsewu waukulu n'kuimitsa mabasi. Limenelo ndi bodza. Thovu linathera pageti.

Ine ndinaphunzirapo zamagetsi ku koleji. Liwu lakuti "ndinaphunzirapo" ndalisankha mosamala, chonde musalitambasule. Ndinakhalako temu imodzi ndi kachidutswa, kenako ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere, popanda kutukwanana, titaona kuti zolinga zathu n'zosiyana. Iwo ankafuna ndizilemba mayeso, ine ndinkafuna azingondikhulupirira. Nditachoka kumeneko msuweni wanga anandipatsa kakona m'shopu yake m'tauni, chakufupi ndi City Market, pomwe ndinkakonza mafoni ndi kuthirira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ntchito yanga inali liwu limodzi, daunilodi. Munthu akabwera kuti, "Ba bosi, nifakileniko nyimbo za pa chikwati," ine ndinkadina daunilodi, zinthu n'kuchoka kutali kumene zili n'kudzagwera mu laputopu yanga. Pa liwu limeneli ndinali pulofesa. Akanakhala kuti amapereka digiri yake, bwenzi ndili nazo ziwiri.

Taonga ndinadziwana naye atabweretsa foni yomwe inagwera m'ndowa. Amagwira ntchito mu ofesi ina ku Longacres, ndipo ndi munthu woti akafunsa funso amadikira yankho. Atandifunsa kuti kwenikweni ndimachita chiyani, ndinayang'ana kutali n'kunena kuti, "Nili mu va otomesheni." (Liwuli, lonena za makina odziyendetsa okha, ndinalitola ku koleji masiku oyambirira, tisanayambe kuzondana.) Sindinanenepo kuti ndine injiniya. Amene ananena zimenezo ndi iyeyo, kwa bambo ake. Ine kulakwa kwanga kunali kungokhala chete mwaulemu, kwa miyezi yambiri.

Bambo akewo, ba Elda Njovu, ndi mkulu wa mpingo wopemphera Loweruka. Atapuma pantchito ya boma anamanga kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Chelstone n'kuyamba kupanga sopo wamadzi wotsukira mbale, wobiriwira uja wonunkhira mandimu. Ndi munthu wosakweza mawu. Akakuyang'ana umakumbukira machimo a ku pulayimale. Tsiku loyamba kundiona anandifunsa za satifiketi yanga, ndipo ndinawayankha kuti koleji ikuchedwa kusindikiza. "Oho," anatero. Basi. "Oho" ameneyo ndinakwera naye basi mpaka kwathu ku Kabwata, n'kugona naye.

Tsono Lamlungu la sabata imeneyo amalume anga, ba Sakala, ankayenera kupita ku Chelstone ndi mbale ziwiri zovundikirana kukandifunsirira Taonga. Mwambowu ngwosavuta: eni mwana akavundukula mbalezo ndiye kuti akulandira, zikabwerera zili chivundikire, m'bale wanga, kayang'ane kwina. Amalume anali atachapitsa kale jekete. Chomwe chinatsala chinali choti ine ndikhale phee mpaka Lamlungu osachita chilichonse, ntchito yomwe ndili nayo luso lachibadwa.

Lachisanu m'mawa foni inalira. Anali Taonga.

"Bebi, uli kuti? Ba dadi bakufuna manje manje."

"Ine? Nalakwa chani?"

"Palibe. Mashini ya sopo yavuta, ndipo uja anaimanga anayenda ku migodi, foni yake siipita. Nabauza kuti vamene ivi ndiye nchito yako."

"Wabauza?"

"Nanga si ndiwe wa otomesheni? Bwela uzionetse. Bakakuona ugwila nchito, va mbale vizankhala vosavuta."

Munthu wanzeru akanadwala malungo pomwepo. Ine ndinamuuza anditumizire chithunzi cha makinawo, ndinaika pulogalamu yolankhulira nawo mu laputopu (mwa njira zomwe sitikambirana pano), kenako ndinathamangira ku Kamwala kukagula kajekete konyezimira ndi chipewa cholimba choyera. Ndinali nditaona kale kuti pamalo a ntchito munthu wachipewa choyera safunsidwa mafunso. M'basi ya ku Chelstone ndinatsegula kavidiyo ka mkulu wina wakunja wophunzitsa za makina oterewa. Anayamba bwino. Anati lamulo loyamba, usanakhudze chilichonse, tenga kope la pulogalamu yomwe ili m'makinamo ulisunge mu laputopu. Atangoti tsopano aonetse batani lake, bandulo yanga ya intaneti inatha. Mkuluyo anauma, kukamwa kuli yasa, chala chili m'mwamba. Sindinadandaule. Lamulo ndinali nditalimva, ndipo nkhani ya mabatani ndi kwathu.

Ba Elda anandilandira pageti. Anayang'ana chipewa, anayang'ana ine, n'kunditsogolera kushedi.

Kwa inu amene simunawaonepo, makinawa ndi osavuta kuwamvetsa ukamawaonera patali. Pali lamba woyenda wonyamula mabotolo. Pamwamba pali thanki ya sopo, pansi pa thankiyo mpopi wotseguka ndi magetsi, ndipo pambali kadiso kamene kamaona botolo likafika. Zonsezi zimalamulidwa kuchokera m'kabati yachitsulo ya pakhoma. Ukaitsegula umapeza tibokosi totuwa titakhala mondondozana ngati odwala pabenchi ya kuchipatala. Gulu lonselo amalitcha PLC. Kabokosi koyamba ndiko ubongo, ndimo mumakhala pulogalamu. Tinato ndi timamojulo. Kena ndi khutu, kamamva zomwe kadiso ndi mabatani akunena. Kena ndi pakamwa, kamauza lamba kuti yenda, mpopi kuti tseguka. Pa makina a ba Elda khutu ndilo linali litayamba kugontha, moti botolo lina linkadzazidwa, lina n'kudutsa lopanda kanthu ngati mlendo wosaitanidwa paphwando.

"Kamojulo katsopano ndagula kale, ndi aka," anatero ba Elda akundipatsa kakatoni. "Ogulitsa anati n'kungochotsa kakale n'kuika aka. Koma manja angawa ndi a mapepala, ndiye ndati tili ndi injiniya m'banja." Anaima pang'ono. "Pafupi ndi banja."

Ndinamva bwinobwino kuwongola kumeneko.

"Galimoto ya ku Kamwala ibwera masana kudzatenga katundu," anapitiriza. "Dzuwa likalowa ine ndimatseka. Sabata silidikira sopo."

Zoona zake, ntchito inali yomwe ogulitsa ananenayo. Kuzimitsa magetsi, kukanula kakale, kulowetsa katsopano, kubwezeretsa mawaya. Madzi a tiyi asanawire, yatha. Koma ntchito yachangu siionetsa maphunziro. Ndikanaigwira choncho akanati ndine wamawaya wamba, ndipo mwana wawo sangaperekedwe kwa wamawaya wamba. Choncho ndinaika laputopu pakatoni, ndinakonza chipewa, n'kulankhula ndi mawu a munthu wotopa ndi kudziwa.

"Atate, anthu osadziwa amangothamangira kuzula. Ife lamulo loyamba, timatenga kaye kope la pulogalamu, kuti chikachitika chilichonse ubongo wa makina ukhale wotetezeka."

Ba Elda anagwedeza mutu. Ndikukhulupirira kuti aka kanali koyamba kundiyang'ana ngati munthu woti angadye naye patebulo limodzi. Amayi ake a Taonga, omwe anaima pakhomo la shedi atanyamula beseni, anati, "Mwamva, atate ake Taonga? Uja wanu wa ku migodi sanakambepo va kope."

Ndinalumikiza chingwe, ndinatsegula pulogalamu, panabwera tsamba latsopano loyera mbee, lopanda kanthu. Pamwamba panali mabatani awiri oyandikana. Lina linali ndi muvi woloza kumwamba, apulodi. Linalo muvi woloza pansi, daunilodi. Apa ndinamwetulira. Apulodi aliyense amaidziwa, ndi ija umachita ukamatumiza zithunzi zako kuti adani akuone uli pachikwati. Ine sindinkafuna kutumiza, ndinkafuna kulandira. Ndinadina daunilodi ndi chala cha munthu amene wachita zimenezi moyo wake wonse.

Panatuluka kabokosi ka chenjezo, Chingerezi chambirimbiri ndi kachizindikiro kachikasu. Tiyeni tinene chilungamo, ndani mu Lusaka muno anawerengapo kabokosi ka chenjezo? Ba Elda anawerama, anakonza magalasi kuti awerenge, ine ndinawapulumutsa ku vuto limenelo povomera msanga. Panatulukanso kena, kondifunsa ngati ndatsimikizadi. Ndinakhumudwa pang'ono kuti laputopu yanga yomwe ikundikayikira pamaso pa apongozi. Ndinavomeranso, mwamphamvu. Kamzere kobiriwira kanathamanga n'kufika kumapeto mofulumira kwambiri (ndinaganiza kuti chingwecho n'chabwino), n'kulemba kuti zatheka.

"Atate," ndinatero, "ubongo wa makina anu tsopano uli m'manja abwino."

Kenako ndinasintha kamojulo. Ndikupempha kuti mbiri isunge mfundo iyi: kamojuloko ndinakasintha bwino. Palibe waya amene anasokonekera. Mpaka lero kakugwira ntchito. Koma palibe amene amakamba zimenezi.

Tinayatsa magetsi. Timagetsi tonse ta pa PLC tinayaka tobiriwira, tathanzi. Ba Elda anandandalika mabotolo palamba n'kudina batani loyambitsira. Kunali zii. Anadinanso. Kwa aneba kunamveka wailesi. Makinawo anali maso, nkhope ikuwala, koma m'mutu mulibe kalikonse, ndendende mmene ndinkakhalira ine m'kalasi la masamu.

"Akuganiza kaye," ndinatero. "Kamojulo katsopano kamafuna kuzolowerana ndi anzake. Ndiloleni ndiyankhe foni iyi."

Foniyo sinalire, koma ndinatuluka nayo ili kukhutu. Kuseri kwa thanki ya madzi ndinaimbira Chanda, mnzanga amene tinayambira limodzi koleji, iye n'kuchita chinthu chachilendo, kumaliza maphunzirowo. Pano amagwira ntchito ya makina omwewa pafakitale ina ku Ndola.

"Shani, boyi," anandipatsa moni wa Chibemba.

"Bwino. Chanda, ka funso chabe ka sukulu. Tikambe kuti munthu wina afuna kutenga kope ya pulogalamu mu PLC..."

"Wadina chani?"

"Si ine. Ni munthu wina."

"Uyo munthu wina wadina chani?"

"Daunilodi."

Chanda anatsitsa mawu.

"Pa laputopu penze chani?"

"Palibe. Peji yatsopano."

"Mayo ine. Iwe, mu vinthu ivi mau bamaonela ku mbali ya mashini, osati yako. Ukadina daunilodi, mashini ndiye ilandila. Waipasa vamene wenze navo."

"Koma sinenze na vilivonse."

"Ndiye vamene ili navo manje."

"Kulibe ka batani kobweza?"

"Kulibe. Ichi tinaphunzila temu yachitatu, boyi. Banalemba na pa bolodi."

"Temu yachitatu nenze nayenda."

"Niziba. Mashini ni ya ndani?"

"Ba tata bake Taonga."

Chanda anaseka mpaka anatsokomola, kenako anati abwana akumuitana. Ndinaima pamenepo, chipewa chili kumutu, n'kumvetsa chomwe ndinachita. Ndinali nditatenga maphunziro anga onse, monga analili, n'kuwathira m'makina a apongozi.

Anthu amandiuza kuti apa panali njira ziwiri, ndipo imodzi inali yokanena zoona. Ine ndinaona imodzi yokha, yolemba pulogalamu yatsopano ba Elda asanadziwe kuti yakale inamwalira. Mapulogalamu a PLC amalembedwa ngati makwerero, mzere uliwonse ndi popondera: chakuti chikachitika, chita chakuti. Zimenezi ndinazionapo pabolodi ndili kumbuyo kwa kalasi. Ndinadzifunsa kuti, kodi kudzaza botolo n'chiyani? Mzere woyamba, lamba aziyenda. Mzere wachiwiri, kadiso kakalankhula mpopi utseguke. Poimira kadisoko panali zizindikiro ziwiri zoti ndisankhepo, china timizere tiwiri, china timizere tomweto koma todulidwa pakati. Ndinasankha chosadulidwacho poti chinkaoneka chaukhondo. Chomwe sindinadziwe n'chakuti kadiso ka mtundu umenewo kamalankhula pamene sikakuona kanthu, botolo likafika kamakhala chete. (Kwathu ku Kabwata mboni zambiri n'zotero.) Ndinadinanso daunilodi, ulendo uno ndikudziwa tanthauzo lake, ndipo mumtima ndinanyadira kukula kwanga.

Makina anadzuka. Lamba anayenda, amayi anaika beseni pansi n'kuomba m'manja. Mpopi unatseguka n'kuyamba kuthira sopo palamba popanda botolo. Botolo loyamba litafika pansi pake, mpopi unatseka mwaulemu kulipatsa njira. Litadutsa, unatsegukanso. Sindinaonepo makina oleredwa bwino chonchija. Botolo lililonse linadutsa louma, sopo n'kumatsikira pansi ngati mvula ya Januwale.

"Zimitsani," anatero ba Elda, ndi mawu awo a masiku onse.

Ndinadina batani lofiira. Palibe chinachitika. Batani limenelo nalo limadzera mu PLC, ndipo m'pulogalamu yanga ya mizere iwiri munalibe liwu lakuti ima. Swichi yaikulu inali kukhoma la uko. Ndinathamanga. Kunena zoona ndinathamanga phazi limodzi lokha, ulendo wotsalawo ndinayenda chagada, miyendo ili m'mwamba, mpaka ndinakaima m'makatoni. Chipewa choyera chinapitiriza chokha n'kutuluka pakhomo.

Amayi, pofuna kupulumutsa zinthu, anabwera ndi paipi yothirira maluwa n'kutsegula madzi onse. Pano ndiyenera kuchitira umboni kuti sopo wa ba Elda ndi weniweni, sanyenga ogula. Thovu linadzuka ngati laitanidwa kumsonkhano. Linadzaza shedi kufika m'mawondo, linatuluka pakhomo, linadutsa padimba la repu n'kulunjika kugeti. Galu analowamo kuti akaliuwe, n'kusowa. Tinkangomva mawu ake akuyendayenda. Ba Elda anavula nsapato, anapinda thalauza, anayenda pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kukazimitsa swichi.

Nthawi yomweyo Taonga anafika, poti Lachisanu amaweruka msanga. Anaima pageti thovu likumunyambita nsapato.

"Ba dadi, nichani ichi?"

"Otomesheni," anayankha ba Elda.

Kugwada sikunandivute, ndinali kale pansi.

"Atate, ndafufuta pulogalamu."

"Iti?"

"Yonse."

"Nanga kope lija?"

"Ndi pomwe ndimatenga kopelo."

"Oho." Anavula magalasi n'kupukuta thovu. "Nanga satifiketi ija akuchedwa kusindikiza?"

"Atate, musaidikire."

Taonga anali atafika pakhomo la shedi, nsapato zili m'manja. "Iwe! Nenze nakuitanila kuchinja ka bokosi kamozi. Kamozi chabe!"

"Kaja nachinja bwino."

"Nkhala zii."

Ndinkadikira kuti andionetse geti. M'malo mwake ba Elda anavalanso magalasi n'kundifunsa modekha, "Tandiuzani, ba injiniya. Kabokosi kaja kankachita chiyani kwenikweni?"

"Kankaona botolo, n'kutsegula mpopi, kudikira lidzaze, n'kutseka."

"Maso muli nawo?"

"Ndili nawo, atate."

"Dzanja?"

"Lilipo."

"Ndiye khalani apo."

Pambali pa mpopi wamagetsi panali kampopi kamanja kotsukira thanki. Anandiikira kampando pamenepo, ndipo masana onsewo PLC ndinali ine. Taonga ankandipatsa botolo osandiyang'ana, ine kutsegula, kudikira, kutseka. Amayi ankamanga zivundikiro, ba Elda ankamata mapepala n'kumasuzumira dzuwa pazenera. Amene anayamba kufewa mtima ndi amayi.

"Atate ake Taonga, iyi mojulo yatsopano imamwa tiyi?"

"Ipatseni. Koma musaiyandikize ku laputopu."

Wagalimoto wa ku Kamwala anatenga zomwe tinadzaza, zosafika ndi theka lomwe, ba Elda akumupepesa ndi manja awiri. Apo ndiye panandipweteka kuposa msana, kuona munthu wamkulu akupepesa chifukwa cha chala changa. Dzuwa litakhudza madenga anatseka shedi, mabotolo ali pakati. Anandiitanira m'nyumba kukatsegula Sabata, amayi atayala pulasitiki pasofa. Popemphera, ba Elda anapempherera odwala, amasiye ndi apaulendo, ndipo pomaliza anapempherera onse amene amafunsidwa kawiri ngati atsimikiza. Ameni wanga anali wamng'ono kwambiri.

Ndinauza amalume kuti za Lamlungu tiziimitse kaye. Iwo anati jekete yachapidwa kale, sangaibweze. Anapita, n'kubwera madzulo opanda mbale.

"Balandila?"

"Basunga."

"Bavundukula?"

"Awe."

"Nanga zili kuti?"

"Pamwamba pa kabati ya mashini. Bakamba kuti tsiku mashini izadzaza botolo yeka, bazavundukula. Muphwa wanga, unachita chani kuja? Galu yabo inunkhila mandimu."

Womanga makina uja atapezeka pafoni anati laputopu yomwe munali pulogalamuyo inabedwa kalekale, ndipo kumigodi sangamulole kubwera posachedwa. Choncho m'mawa uliwonse, kupatula Loweruka, ndinkakwera basi ya ku Chelstone kukagwira ntchito ya kabokosi, mbale zikundiyang'ana pamwamba pa kabati, zikutola fumbi. Madzulo ndinkamvetsera mauthenga a mawu ochokera kwa Chanda, omwe theka linali phunziro, theka chipongwe. Ndinaphunzira kuimitsa lamba botolo likafika. Ndinaphunzira kuuza mpopi kuti uziwerenga wokha nthawi yake. Ndinaphunzira kuyesera ndi madzi osati sopo (nzeru imeneyi inachokera kwa amayi, pamodzi ndi chokolopera). Panali sabata yomwe makina ankadzaza botolo limodzi kawiri, ina ankangoima pakati kudikira chinthu chomwe palibe amene ankachidziwa. Msuweni wanga kakona kaja anapatsa wina. Taonga anayamba kundiyankha mawu amodziamodzi, kenako awiriawiri. Zomwe koleji inalephera kundilowetsa m'mutu ndi mabuku, ba Elda anazilowetsa ndi mbale ziwiri.

Tsiku lina Lachinayi, mvula itayamba kale, ndinadina batani loyambitsira. Botolo linafika, lamba anaima, mpopi unathira mpaka m'khosi, unatseka, lamba anayenda. Lotsatira chimodzimodzi. Ba Elda anaonerera mpaka katoni inadzaza. Anadina batani lofiira kuti aone ngati likumva. Linamva. Kenako anatambasula mkono, anatsitsa mbale zija, n'kuzipukuta fumbi ndi mpango wawo.

"Uzani amalume anu abwere Lamlungu," anatero. "Mbale sitivundukula wotumidwa palibe."

Pano ndine mkamwini wa pakhomopo, wovomerezeka, wokhala ndi kapu yakeyake. Makina akuyendabe ndi pulogalamu yanga. Nditamutumizira Chanda chithunzi chake anati ikufanana ndi mawaya a magetsi a m'komboni, ndipo munthu wina aliyense wodzaitsegula adzalira. Sananame. Masiku ena nanenso ndimaiyang'ana n'kudabwa kuti anailemba ndani.

Kope lake sindinatengebe. Taonga amandikumbutsa pafupipafupi. "Iwe, kope ija?" Ine ndimati, "Mailo," mawa lija losafika. Ndimatseguladi laputopu, ndimalumikiza chingwe, ndimayang'ana mivi iwiriyo. Woyenera ndikuudziwa, mutandidzutsa kutulo ndingakuuzeni osaphethira. Koma chala chimakana. Ndipo tikambe zapansipansi, ine sindichikakamiza kwenikweni.

Chifukwa chake n'chakuti mwezi wathawu ine ndi Taonga tinakangana, iye n'kunyamuka kupita kwawo kukandinenera. Nditamutsatira ndinapeza ba Elda atakhala pakhonde, atamva kale mlandu wonse, ndipo mlanduwo unali wondigwera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kushedi, kumene makina anali kudzaza mabotolo ndi pulogalamu yomwe padziko lonse ili m'mutu umodzi wokha. Anausa moyo.

"Amake Taonga, mpatseni mpando mkamwini."

Usanakhudze chilichonse tenga kope, limenelo ndi lamulo labwino, ndipo ndimauza aliyense wofuna kumva. Koma mkamwini woti nzeru zake zonse zingakwane mu fulashi sakhalitsa pakhomo.